Za lokolo zinakulakwirani chiyani?

Loweruka lapitali ndinataya ola lathunthu kumvera pulogalamu ija ya pa wailesi ina ya mumzinda muno, imene eni ake amati imathandiza anthu kusankha mafilimu oti aonere. Mukuidziwa, sindichita kuitchula. Ndi ija imayamba ndi kanyimbo ka malipenga, ija kampani ina yaikulu imathirako ndalama kuti dzina lake lizitchulidwa mphindi zisanu zilizonse. Anyamata awiri ndi dona mmodzi anakhala mu situdiyo natiwerengera mafilimu khumi amene akuti aonera posachedwapa, amenenso Mmalawi aliyense wozindikira ayenera kuonera. Ndinawerenga ndi zala. Asanu ndi awiri a ku America, awiri a ku Britain, imodzi ya ku Korea, imene poitchula anachita ngati akupepesa. Ya ku Africa kuno, ngakhale imodzi yongotsekera pakamwa anthu, panalibe.

Izo zokha sizikanandidzutsa pampando. Aliyense ali ndi pakamwa pake. Ena amakonda bonya, ena soseji. Chinandinyansa n'chimene chinachitika atatsegula mafoni. Mayi wina anaimba kuchokera ku Mchinji, mawu ake a munthu wachikulire, waulemu wake, nati: "Pepani ana anga, ine ndimati ndifunse, nanga Fatsani bwanji? Ife kuno tinaionera ndi adzukulu, tinaikonda." Mu situdiyo munabuka chikhakhali. Mmodzi mwa anyamatawo atapezako mpweya anati: "Amayi, pano tikukamba za mafilimu enieni, a kwalite, osati za lokolo." Foni inadulidwa, malipenga analira, dzina la kampani linatchulidwa.

Za lokolo. Mawu awiriwa akhala akundilirira kukhutu sabata yonse ngati udzudzu wa m'dzinja. Ndiye ndili ndi funso kwa inu a Kwalite, poti ndilo dzina limene ndakupatsani: Fatsani munaionera? Munakhala pansi kuyambira poyamba mpaka mayina atayamba kukwera kumapeto? Ndikubetcha thumba la chimanga kuti simunatero. Mukanaionera bwenzi mutatiuza chimene chinalakwika, kaya nkhani inathamanga penapake, kaya uje sanasewere bwino, kaya mawu sankamveka. Kuunika filimu n'kumeneko, ndipo bwenzi tikutsutsana ngati anthu aakulu. Koma inu simunatchule cholakwa ngakhale chimodzi. Munangomva dzina la Chichewa, mano onse panja. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma iye anayesako kupita. Inu ngakhale kunyamuka simunanyamuke.

Filimu imene munaisekayo inatuluka mu 2020, anaikonza ndi Gift Sukez Sukali. Ndi nkhani ya kamtsikana kokhala ndi agogo ake, kamene sukulu yake itatsekedwa chifukwa cha uve ndi katangale, kamalowa mumsewu kukagulitsa nthochi. Zimene kamwana kosenza nthochi kamakumana nazo m'tauni mumazidziwa, mumakaona tsiku lililonse pa windo la galimoto musanakweze galasi. Mu 2021 dziko lino linaitumiza ku mpikisano wa Oscar, womwe uja mumautchula mutaweramitsa mutu ngati muli m'kachisi. Sinapambane, ndikudziwa. Koma inafika pakhomo pamene dzina lanu silidzafikapo, ndipo mayi a ku Mchinji aja anaionera mpaka kumapeto ndi adzukulu awo, chinthu chimene palibe imodzi mwa mafilimu anu khumi ingathe kuwachitira.

Vuto lanu, a Kwalite, si kamera. Si magetsi ounikira, si makina ojambulira mawu. Ndi manyazi. Ndi manyazi omwe aja anatimwetsa ku pulayimale, kumene pasukulu imene ndinaphunzira ine wolankhula Chichewa m'kalasi ankamukoleka kachikwangwani m'khosi kuti azungulire nako mpaka atapeza mnzake wolakwa womupatsira. Ambiri tinakavula kachikwangwaniko tsiku limene tinalemba mayeso a Sitandade 8. Inu mukadali nako, ndipo Loweruka lililonse mumafunafuna wina woti mumukoleke. Sabata yatha munapeza mayi wa ku Mchinji.

Poti Oscar ndiye mulungu wanu, tiyeni tipite komweko. Mu 2019 dziko la Nigeria linatumiza filimu ya Genevieve Nnaji yotchedwa Lionheart kuti ikapikisane m'gulu la mafilimu ochokera kunja kwa America. Filimu yosalala, ya kwalite, yoti Netflix inagula. Eni mpikisano anaibweza isanapikisane n'komwe. Chifukwa? Chingerezi chinachuluka. Chiigbo, chilankhulo cha eni nkhaniyo, sichinakwane ngakhale mphindi 15 mu filimu yonse. Miyezi itatu yokha itadutsa, mu February 2020, Parasite ya Bong Joon-ho inatenga zikho zinayi, kuphatikizapo cha filimu yoposa onse, koyamba m'mbiri ya mpikisanowu kuti filimu yosakhala ya Chingerezi ichite zimenezo. Ndi ya Chikoreya kuyambira pamutu mpaka kuphazi. Ndipo nkhani yake ndi ya lokolo kotheratu: banja losauka lokhala m'kanyumba kolowa pansi, mvula ikagwa madzi a m'ngalande ndi zam'chimbudzi zomwe zimalowa m'nyumba, pamene bwana wa kumtunda mvula yomweyo akuiyamikira kuti yatsuka mpweya. Wokhala ku Ndirande amene amakagwira ntchito ku Namiwawa safunika womufotokozera. Mkoreya sanachite manyazi ndi chimbudzi cha kwawo, ndiye mwamuika pa mndandanda wanu. Mmalawi akajambula nthochi za kwawo, chikhakhali.

Ndipo Nollywood imene lero mumaitchula mwaulemu munaiwala mmene inayambira? Living in Bondage, 1992, ya m'Chiigbo, yojambulidwa pa tepi ya vidiyo, zithunzi zake zoti inu mukanati zajambulidwa ndi mbatata. Anthu a ku Onitsha ndi Lagos anaigula ngati zitumbuwa zamoto chifukwa anadziona okha, anamva chilankhulo chawo, anazindikira msuweni wawo wofuna kulemera msanga uja. Kukanakhala a Kwalite atatu pa wailesi ya ku Lagos chaka chimenecho, n'kukhala kuti anthu anawamvera, bwenzi lero kulibe Nollywood. Mwayi wake sanawamvere.

Palinso nkhani ya Chiwetel Ejiofor, imene imandipweteka mwapadera chifukwa nanenso ndinalakwapo. Mu 2019 itatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zidutswa za njinga ndi zotola kudzala itangodutsa njala ya 2002, dziko lonse lino linaseka Chichewa cha mu filimuyo. Ndinaseka nawo. Ejiofor, amene anaijambula, ndi wobadwira ku London, Maxwell Simba amene anasewera ngati William ndi wa ku Kenya, ndipo panali mawu ena amene ankatuluka opindika ngati ndodo ya ambulera yothyoka. Lily Banda akangotsegula pakamwa ndiye khutu linkapumako. Koma mwezi wathawu nditaioneranso, kuseka kunandithera. Munthu uyu, wotchuka dziko lonse lapansi, akanatha kuijambula m'Chingerezi chokhachokha ku South Africa, palibe akanamufunsa. M'malo mwake anabwera ku Kasungu konko, nakhala pansi kuloweza Chichewa ngati mwana wa Sitandade 1, chifukwa anaona kuti bambo wa kwa Wimbe amene chimanga chamuthera m'nkhokwe sakalipira mwana wake m'Chingerezi. Mlendo anaziona zimenezo. Mlendo analemekeza chimene eni ake pa wailesi yawo amachitcha za lokolo.

Matenda amenewa sali pa wailesi pokha, alowanso mwa ena ojambula athu, ndipo inu a Kwalite ndi amene mumawapatsira. Ndaonera mafilimu angapo a kuno m'miyezi yapitayi amene mtsikana wantchito akukolopa m'nyumba akudandaula m'Chingerezi, mlonda pa geti akupempha malipiro m'Chingerezi, mwamuna ndi mkazi akukangana kuchipinda m'Chingerezi choloweza, aliyense kudikira mnzake amalize chiganizo ngati mtsutso wa ku sekondale. Ndani anayamba wakanganapo choncho m'dziko muno? Mkwiyo weniweni ukafika, ngakhale pulofesa amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Osewera omwewo ukawapatsa Chichewa amasanduka moto. Koma amaopa. Amaopa chikhakhali chija. Ndiye amavala Chingerezi ngati suti yobwereka pa ukwati, kenako a Kwalite omwewo n'kumati onani, Amalawi satha kusewera. Tinali ndi Izeki ndi Jakobo, tinali ndi Kwathu, mabanja ankasonkhana pa wailesi kumvera Sewero la Sabata Ino, Tikuferanji inkatseketsa misika ya madzulo. Amalawi kusewera amatha. Chimene satha ndi kunamizira kukhala azungu, ndipo zimenezo n'zoyamika Mulungu.

Tsono ndikuuzeni amene amasankhiradi dziko lino mafilimu, poti inu mumadziona ngati ndinu. Mpaka 1999 Malawi analibe wailesi ya kanema yakeyake. Ife a msinkhu wanga filimu tinaidziwira mu vidiyo sho: chisakasa cha makatoni ndi mapepala apulasitiki kuseri kwa msika, mabenchi a matabwa a zinyatsi, jenereta ikulira panja, bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo, sipika itakolekedwa pamtengo kuti zibakera za Van Damme zizimveka mpaka kuchigayo. Rambo, Commando, Bruce Lee, Chuck Norris. Chingerezi sitinkamva, koma pa benchi iliyonse pankakhala mnyamata mmodzi amene anaionera kasanu, ndipo iyeyo ndiye ankatimasulira, zoona ndi zabodza zomwe, n'kumatitonthoza zinthu zikafika povuta kuti musadandaule, mwini filimu safa. Mnyamata ameneyo anakula. Lero ali ndi kompyuta ndi maikolofoni m'kachipinda kena ku Ndirande kapena ku Mchesi, ndipo ndi amene amaika mawu a Chichewa pa mafilimu a ku China, India, Korea ndi Nigeria. Yekhayekha amakhala mfumu, mfumukazi, chigawenga ndi galu yemwe. Munthu wa ku Hong Kong amapezeka akuti akupita ku Limbe kukasankha kaunjika.

Mnzake ndi uja wa pa benchi yobenera pamsika. Mayi akafika ndi memori khadi n'kuti ndiikireni yabwino, iye safunsa kuti yapata zikho zingati. Amafunsa kuti mukufuna yoliritsa, yankhondo kapena yachikondi, muonera ndi ana kapena nokha. Amadziwa kuti mayi uja sabata yatha anatenga ya Chimwenye ndipo anabwera akudandaula kuti inatalika. Akamunamiza kasitomala, mawa sabweranso. Ameneyo ndiye wounika mafilimu, ndipo ali ndi anthu omumvera ochuluka kuposa pulogalamu yanu ndi malipenga ake omwe.

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena, ndikuona milomo ikunjenjemera kale. Akuba amenewo! Inde, akuba. Lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso lilipo, ndipo iwo amaliponda m'mawa ndi madzulo. Amene amapweteka kwambiri ndi wojambula wa kuno, amene amagulitsa poloti kuti amalize filimu, n'kuipeza pa benchi patatha masiku atatu. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Koma inu amene mukukuwa kuti wakuba, mafilimu khumi aja munaonera kuti? Onsewo munalipira? Kapena ena munakopera pa fulashi ya mnzanu wa ku ofesi amene amakhala usiku kuwakoka pa intaneti ya abwana? Wakuba wa Chingerezi ndi wozindikira, wakuba wa Chichewa ndiye woononga chikhalidwe. Manyazi omwe aja.

Ndipo musatinamize kuti kuika mawu a chilankhulo chako pa filimu ya eni ndi umbuli. Ku Germany Rambo amalankhula Chijeremani. Ku Italy amalankhula Chitaliyana, ku Spain Chisipanishi, ndipo ndi ntchito yolemekezeka ya anthu ophunzira, yokhala ndi malipiro. Pafupi pompa ku Tanzania masewero a ku Turkey amaonetsedwa pa wailesi ya kanema m'Chiswahili, mwalamulo, mabanja n'kumathamangira kunyumba kuti asaphonye. Kuno kwathu filimu ya Yesu ija ya 1979 inaikidwa mawu a Chichewa, inazungulira midzi pa chinsalu choyera chomangidwa pa magolo a bwalo la sukulu, agogo athu analira pamene ankamukhomera pamtanda. Sindinamvepo munthu akuti ameneyo ndi Yesu wa lokolo. Anyamata a ku Ndirande atisonyeza kwa zaka zambiri kuti Mmalawi ali ndi njala ya filimu yolankhula Chichewa ndipo ndi wokonzeka kulipira. Makampani a ndalama, kuphatikizapo ija imagula malipenga, aona njalayo n'kusankha kulipira anthu atatu kuti aziseka anjalawo.

Poti mndandanda wanu unalibe malo, ndikuuzeni ine zimene ndaonera posachedwapa.

Masabata atatu apitawo ndinakhala pansi ndi azakhali anga, amene anabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso, n'kuonera On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. Inatuluka mu 2024 ndipo ku Cannes inamupezetsa mphoto ya wotsogolera bwino filimu m'gulu limene inapikisana. Ndanena izi kuti a Kwalite akhale pansi, apo ayi sakanamvera. Nkhani yake: mtsikana wotchedwa Shula akuyendetsa galimoto usiku kuchokera ku phwando, apeza mtembo uli gone pamsewu. Ndi amalume ake, a Fred. Sakulira. Maliro ayamba, nyumba idzaza, azimayi agona pansi m'chipinda chochezera, azakhali ayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira kuti mwana iwe bwanji misozi sikutuluka. Pang'onopang'ono zimadziwika chifukwa chake iye ndi asuweni ake aakazi alibe misozi yolirira munthu ameneyu, zimene anawachita ali ana. Choopsa kwambiri n'chakuti akuluakulu a m'banjamo ankadziwa. Ankadziwa, ndipo tsopano mphamvu zawo zonse zapita pa kuzunza mkazi wamasiye, kamtsikana kakang'ono kokhala ndi ana ambiri, kuti sankamusamala mwamuna, sankamuphikira, ndiye asayembekezere kutengapo kanthu.

Filimuyi ndi ya Chibemba ndi Chingerezi. Ndinayamba kuwamasulira azakhali, koma patangopita mphindi makumi awiri anandigwira dzanja kuti ndisiye. Mawu ena a Chibemba ankawatola okha, otsalawo sanawafune. Ankadziwa amene ali mwini mbumba, amene akulira mokweza kuti anthu amuone, amene akuwerengera mapoto ndi mipando mumtima. Pamene mkazi wamasiye uja ankakwawa pansi pamaso pa abale a mwamuna wake, azakhali anatembenukira kukhoma. Itatha anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: "Mwana wa achimwene, ameneyu maliro athu aja anawaonera kuti?" Sindinafunse kuti maliro ati. M'banja lililonse muli maliro amene satchulidwa. Usiku umenewo anandiuza zinthu zimene anakhala nazo zaka makumi anayi, za munthu amene chithunzi chake chinapachikidwa m'nyumba ina mpaka lero. Nkhanga, paja, ndi mbalame imene ikaona chilombo imalira kuchenjeza zinzake, ndipo mutu wa filimuyi ukuchokera pamenepo. Mundiuze, a Kwalite, ndi iti mwa khumi anu aja, ndi magalimoto awo ophulika, ingatsegule pakamwa pa mayi wa zaka 70?

Amene munaonera Neria ya ku Zimbabwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ya Oliver Mtukudzi ija, mukukumbukira mmene nkhani yolanda chuma cha masiye inakambidwira m'maminibasi ndi m'mipingo. Iyi ndi mdzukulu wake, koma ili ndi mano akuthwa kuposa agogo akewo. Musaonere ndi ana aang'ono. Muonere ndi alongo anu.

Ya Nyoni yemweyo yoyamba, I Am Not a Witch ya 2017, ndinaibwereza sabata yomweyo. Muli Chinyanja chambiri moti simusowa womasulira. Kamtsikana kosakwana zaka khumi akanamizira ufiti, akatumiza ku msasa wa mfiti kumene mayi aliyense amamangidwa ku nsalu yaitali yoyera ngati mbuzi pachingwe, ndipo amakauza kuti kakadula nsaluyo kasanduka mbuzi yeniyeni. Bwana wina wa boma, a Banda, amakatenga kukhala bizinesi yake. Umaseka, kenako umadzigwira pakamwa pokumbukira agogo amene aphedwa m'midzi yathu chifukwa cha mphekesera zomwezi. Inapata mphoto ya BAFTA ku London mu 2018. Pa mndandanda wa Loweruka panalibe. Mwina Chinyanja chinachuluka.

Za Shemu Joyah n'zochititsa manyazi kuti ndichite kukumbutsa anthu amene amadya ndalama ponena za mafilimu. Munthuyu ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, mafilimu amajambula ndi thukuta lake. Seasons of a Life ndi ya mtsikana wantchito amene abwana ake amupatsa mimba, n'kumutengera mwana, iye n'kubwerera patapita zaka atapita kusukulu kudzamufuna mwanayo. The Last Fishing Boat ya 2012, imene ine ndimaiika pamwamba pa zonse, ndi ya msodzi wa kunyanja amene nsomba zamuthera, mwana wake wasanduka woperekeza alendo ndi zina zosatchulika, ndipo mzungu wina waika maso ndi chikwama chake pa mkazi wake wamng'ono. Aliyense amene anayendapo ku Mangochi kapena ku Cape Maclear, n'kuona mmene mipanda ya malo ogona alendo yatsekera njira ya kudooko, adzaizindikira. The Road to Sunrise ya 2017, ya amayi awiri oyendayenda m'makwalala a Blantyre, inapambana ku Lagos mu 2018 ngati filimu yoposa onse a kum'mwera kwa Africa, mphoto imene Joyce Mhango Chavula anali atabweretsa kale kuno mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ndipo ya Joyah imeneyi ndiyo inali yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku Oscar. Kawiri m'zaka zitatu, Malawi kugonjetsa mayiko a ndalama zawo. Anthu a ku Lagos anaomba m'manja. A mu situdiyo ya mumzinda muno akuti za lokolo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti chilichonse chojambulidwa kuno ndi uchi. Ndaonera zina zoti mphepo ikuomba maikolofoni ngati kukubwera namondwe, zina zoti galimoto ikulowa pa geti kwa mphindi zitatu zathunthu, mlonda kutsegula, kutseka, kukhoma loko, ife tili phee kudikira. Ndaonera za magawo asanu zimene nkhani yake ikanakwana mu theka la ola. Zimenezo zinenedwe, mokweza, ndi dzina la filimu ndi mphindi yake, kuti wojambula akakonze. Ndiyo ntchito imene pulogalamu ngati yanu ikanagwira. Koma kuti munene zimenezo muyenera kuyamba mwaonera, ndipo kuonera ndi kumene simungathe, chifukwa anzanu angakupezeni mukuonera za Chichewa. Kodi ku America kulibe mafilimu oola? Chaka chilichonse amatulutsa zinyalala zodzaza malole, zina mwa izo zinali pa mndandanda wanu, nambala 4 ndi nambala 9 makamaka. Koma chinyalala chikalankhula Chingerezi cha m'mphuno mumachiphimba ndi nsalu ya patebulo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Wailesi yanu imafika kumeneko, n'chifukwa chake kampani ija imakulipirani. Ndiye mukakhala pa maikolofoni n'kumauza anthu amenewo kuti akatsegule Netflix, ndi bando yake iti, ndi magetsi ake ati, ndi khadi la kubanki liti, mukulankhula ndi ndani? Simukulangiza munthu. Mukudzionetsa kwa anzanu asanu a ku Area 47 kuti nanunso mumadziwa. Kulangiza mnzako filimu kuli ngati kumulozera njira: umayamba wafunsa kumene ali ndi kumene akupita. Mayi a ku Mchinji anakuuzani kumene ali. Anakupatsani mwayi, mwaulere, woti mufunse kuti amayi, chinakusangalatsani n'chiyani, adzukulu anati chiyani, ndiye poti munakonda imeneyo yesaninso yakuti. Mphindi ziwiri zokha. Munasankha kuseka munthu wa msinkhu wa amayi anu pamaso pa dziko lonse, chifukwa anatchula filimu ya dzina la Chichewa. Si kamera, ndanena kale. Ndi kachikwangwani kam'khosi kaja.

Akuluakulu a wailesiyo, ndamva, akuti zinali nthabwala chabe ndipo anthu asakuze nkhani. Kampani ya malipenga ili chete, ikuwerenga ndalama zimene amayi a ku Mchinji omwewo amaipatsa.

Mayi anga a ku Mchinji, ngati mdzukulu wina akuwerengerani nyuzi ino, pepani m'malo mwa ana opanda mwambo aja. Simunalakwe, funso lanu ndi lokhalo lanzeru limene linamveka mu ola lonselo. Poti munakonda Fatsani, mutume mwana akufunireni The Last Fishing Boat ndi I Am Not a Witch, ndipo akaipeza yogulitsidwa ndi eni ake alipire ndithu, asakabenetse. Loweruka likubwerali muimbenso, nthawi yomweyo, mufunse funso lomwelo. Akadula, ine ndikhala wachiwiri pa mzere.